Makilo anga ndi thobwa la mayi Fainala

Lolemba, 5 Meyi 2025

Ndinapita kuchipatala pa Boma chifukwa cha mutu wosatha uja. BP yakwera. Anamwino, a Vitumbiko, anandiimika pasikelo: makilo 86. Kenako kukhoma, nditavula nsapato: mita 1.68. Akuti pofuna BMI, nambala yoonetsa ngati wanenepa mopitirira, msinkhu uuchulukitse ndi msinkhu womwewo, yankholo ugawe nalo kulemera kwako. Ndabwereza ndekha pafoni, yatuluka 30.5. BMI yoyenera imathera pa 24.9, ndiye wamsinkhu wanga asamapitirire makilo 70.

Ndinati pofika Ogasiti ndikhala pa 70. Anaseka. "Adada, mukufuna tikugonekeni m'chipatala muno? Ogasitiyo mufike pa 80. Theka la kilo pasabata, basi."

80 ndi yotheka. Bambo anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka zangazi. Ine ayi.

Lachiwiri, 6 Meyi

Vuto ndalipeza, ndipo si kuphika kwa mkazi wanga Zelesi. Ndi ntchito ya ulangiziyi. Nyengo yosankha fodya ino ndimazungulira makomo a alimi ku Kaomba, ndipo paliponse ndi "Alangizi, talawani." Lero kwa a Jeremiya, apampando a kalabu, mbatata ndi mtedza wophika. Kwina maungu. Kwina thobwa lothira shuga. Zonsezo ndili panjinga yamoto, thukuta osatuluka.

Lamulo kuyambira mawa: kumudzi sindidya kanthu. Madzi anga m'botolo.

Zelesi akuti, "Inu ndi malamulo anu! Eni chakudyawo muwauza chiyani?" Ndati ndizingoti zikomo, ndakhuta.

Lachitatu, 7 Meyi

Zayenda. Ndinangofika malo amodzi, pachigafa cha mayi Fainala pamene kalabu yonse imasankhira fodya. Anabwera ndi thobwa, anagwada, ine ndinakana mwaulemu n'kuonetsa botolo. Ndinathamangira kumsonkhano wa kuofesi. Mutu wapepukako.

Lachinayi, 8 Meyi

Kuofesi tsiku lonse. Mandasi andidutsa pamphuno, sindinagule.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndapeza chigafa cha mayi Fainala chili zii. Anthu onse asamukira pakhonde pa a Jeremiya. Nditafunsa, anandikokera pambali.

"Alangizi, ife tamva. Munthu wophunzira ngati inu sangakane thobwa popanda chimene wadziwa. Kwa ine munadya, kwa iwo munakana."

Amuna a mayi Fainala anamwalira chaka chatha mimba itatupa. Kuchipatala anati ndi chiwindi, koma m'mudzi munali manong'onong'o oti anadyetsedwa. Nkhaniyo inali itazilala. Ndaidzutsa ndine, ndi botolo langa.

Choipa kwambiri n'chakuti sakufunanso kuphatikiza fodya wawo ndi wa mayiwo. Wa okha sakwana belo. Akatsala, athera kwa mavenda pamtengo wozunza, ndipo chaka chonse chapita.

Ndinafotokoza za BP ndi msinkhu. A Jeremiya anangoti, "Eee, n'zoona," maso ali kumbali. Sanakhulupirire ngakhale pang'ono.

Loweruka, 10 Meyi

Zelesi sananene kuti ndinakuuzani, koma mmene amakwechera mapoto ndinamva.

Ndaganiza mofatsa. Kapu imodzi ya thobwa si imene inandifikitsa pa 86. Ndi kudya khomo lililonse, kenako kudzadyanso kunyumba. Ndiye ndasintha: patsiku ndizidya khomo limodzi, chimenecho n'kukhala chamasana changa, ndipo ndizinena poyera kuti lero ndi kwa auje, mawa kwa auje. Njinga yamoto izitsala pamsika, kotsalako wapansi. 80 ili pomwepo, sindinaisunthe.

Ndaimbira a Jeremiya kuti Lolemba ndikufuna kalabu yonse pachigafa chakale, ndidzaone masankhidwe. Anadodoma, koma alangizi akaitana anthu amabwera.

Lolemba, 12 Meyi

Ndinafika wapansi, malaya atanyowa ndi thukuta. Mayi Feliya, akazi a apampando, anayamba ndi kuseka. "Alangizi, njinga akulandani angongole?"

Anthu anakhala kutali ndi khomo, fodya wawo osamasula. Mayi Fainala anali pamkeka okhaokha, akusankha masamba, osadzutsa mutu.

Ndinaima pakati n'kugwira mimba. Ndinati belo ili lapitirira mlingo ndi makilo 16, achipatala alibweza, ndipo oyamba kuchoka ndi makilo sikisi. Anaseka ndithu. Kenako ndinati, "Mayi, lero chamasana changa ndi pano. Thobwa lija lilipo?"

Mayi Fainala anadzutsa mutu.

"Lija linasasa, tinataya. Lilipo la dzulo. Koma botolo lanu lija mwaliiwala?"

"Ndalisiya, mayi."

Analowa m'nyumba. Atatuluka anagwada, n'kukweza kapu kukamwa kwawo kuti ayambe alawa okha, onse aone. Ndinailandira isanafike pamlomo.

"Musalawe. Langa ili."

Ndinamwa lonse, mpaka mitama yapansi. A Jeremiya amandiyang'anitsitsa ngati ndigwa pomwepo.

Ndinabweza kapu. Mayi Fainala anaipukuta ndi chitenje.

Kenako mayi Feliya anakoka mtolo wawo wa fodya, kuubweretsa pamkeka paja, n'kuyamba kumasula.

"Inu a Fainala, tasunthani uko. Ndipo ine mundithirire shuga, za msinkhuzo n'za alangizi."