Ndinatsegula Laputopu ya Malemu Akulu Asanakhale Pansi

Agogo,

Kalata iyi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya, koma ndaona kuti ndikapitiriza kukhala chete ndidwala. Ndine mnyamata wophunzira za makompyuta pa koleji ina m'tauni. Ndimakhala ku Kabwata, m'nyumba ya akulu anga a Kampamba, amene anatisiya mwezi wathawu pa ngozi ya galimoto. Ndi iwo anandibweretsa ku Lusaka. Anasiya mkazi, amene timawaitana kuti Bana Chishimba, ndi mwana mmodzi wamkazi, Chishimbayo, wa zaka zinayi.

Mwambo wathu mukuudziwa. Titaika maliro, azakhali athu anasonkhanitsa katundu wa malemu m'chipinda chaching'ono: zovala, nsapato, gitala ndi laputopu. Anatseka n'kunena kuti, "Muno palibe wokhudza kanthu, ngakhale mpango, mpaka akulu a ku Kasama atabwera kudzakhala pansi." Kiyi sanapatse alamu. Anapatsa ine, ati ndine magazi a malemu. Akuluwo akubwera kumapeto kwa mwezi uno.

Ku koleji anatiuza kuti aliyense azolowere Linux mayeso asanafike. Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Windows. Ziwirizi zimatha kukhala m'kompyuta imodzi ngati wadula hadi disiki, momwe mumasungidwa zinthu zonse, kuti iliyonse ikhale ndi gawo lake. Gawolo timati patishoni. Ine kompyuta ndilibe, ndipo za ku koleji n'zolimbirana.

Tsiku lina masana, alamu atapita kumanda ndi amayi a mpingo, ndinatsegula chipinda chija. Ndinadziuza kuti ndingochepetsa gawo la Windows pang'ono, ndiike Linux pambali, ndiphunzirirepo, kenako ndidzachotse akulu asanafike. Sindinakopere chilichonse kwina. Ndinaiwalanso kuti batire ya laputopuyo inafa kale, imayendera magetsi okha. Ili pakati posuntha zinthu kuti ipeze malo, magetsi anathima. Atabweranso ndinayatsa. Sikirini yakuda, ndi timizere tiwiri tonena kuti sikupeza poyambira. Windows kulibe, Linux kulibe.

Agogo, chikundiliza si laputopu. Akulu anga ankatsogolera kwaya, ndipo ankakonda kudzijambula akuimba. M'menemo muli nyimbo zawo, mavidiyo a pakhomo, ndi kanyimbo kena kamene anapekera Chishimba, kotchula dzina lake, komwe ankamuimbira pomusambitsa. Foni yawo inaphwanyika pa ngozi pomwepo. Kulibe kwina kumene mawu awo anatsala.

Alamu sakudziwa kanthu. Dzana tikudya anandiuza kuti, "Ba mulamu, fuliji atenge, masofa atenge, sinizakangana nao. Ine nifuna chabe vili mu laputopu, mwana akule akumvela mawu ya atate ake." Chishimba atamva anafunsa kuti, "Ba dadi bali mu kompyuta, ka? Tizabasegulila liti?" Ndinasiya kudya. Ndinanamizira mutu n'kutuluka.

Mnzanga wa ku koleji, Jason, akuti ndisadandaule. Anati, "Iwe, fomata chabe, uikemo Windows yanyuwani. Izayaka bwino, ubweze mu chipinda. Bakafunsa nyimbo, uzakamba ati ni vailasi. Nindani azaziba?" Kufomata ndiko kufufuta zonse za m'disiki. Sidi yake ya Windows wandibwereka kale, ili m'chikwama changa. Ndayesa kuyatsa laputopuyo kambirimbiri, ndipo kamodzi ndinayambanso kuika Linux, koma ndinaleka itandifunsa ngati ndikufuna kufufuta disiki yonse.

Ndichite zimene akunena Jason? Ndikawauza alamu, munthu amene amandiphikira ali m'zovala zakuda, andiona bwanji? Akulu akamva kuti ndinatsegula chipinda akhoza kundibweza kumudzi, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndithandizeni.

L.M., Kabwata, Lusaka

Mdzukulu wanga L.M.,

Sidi ya Jason ichoke m'chikwama chako lero lomwe. Um'bwezere, umuthokoze, ndipo nkhani za pamaliro usadzafunsenso kwa iye. Mwana ameneyo ndi uja amati akaswa mbale ya eni, amakankhira zidutswa kunsi kwa kabati n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo kompyuta ndimangoipukuta fumbi ndikapita kwa ana anga. Ndiye kalata yako ndinakwera nayo minibasi mpaka ku Kamwala, kwa Ba Kabamba, mayi amene timapemphera limodzi, yemwe wakhala akukonza makina amenewa kuyambira nthawi imene anali aakulu ngati sitovu. Ndinawawerengera yonse. Nditafika pa malangizo a Jason anavula magalasi n'kundiuza kuti ndibwereze. Zimene anandifotokozera sizinandivute kumva, chifukwa ndinazionapo ndi maso kwathu ku Chelstone.

Nthawi ija nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo, aliyense anadzuka ali landilodi. Mnansi wanga wina anaganiza zodula nyumba yake kuti chipinda chimodzi chikhale cha lendi, chokhala ndi khomo lakelake lakunja. Mkazi wake anati titulutse kaye katundu. Bambo anati ayi, n'kutaya nthawi, tingokankhira kukona. Anakankhira makina osokera, sutikesi ya zithunzi ndi mbale za paukwati. Womanga anatseka khomo lamkati ndi mabuloko, ati lakunja aboola mawa. Mawa lake anaitanidwa kumaliro ku Chipata, ndipo mpaka lero sanabwere. Katundu ali mkati, wabwinobwino, tikumuona pa zitsulo za pawindo, koma polowera palibe. Bambo uja manyazi atamugwira anabwera ndi chihamala kuti angogwetsa khoma zithe. Mkazi anaima kutsogolo kwake, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Ba Spencer, khoma limenelo ligwera pa makina anga. Muyambe mwagwetsa ine." Mkaziyo anaitana mmisiri wina, amene anakwera padenga, n'kuchotsa lata limodzi, n'kutulutsa katundu pang'onopang'ono ndi chingwe. Za khoma anaziona pambuyo pake.

Ba Kabamba akuti laputopu ya akulu ako ili ngati chipinda chimenecho. Anati, "Agogo, nthawi zambiri nyimbo zimakhala zikadalimo. Chimene chasokonekera n'chosonyeza pomwe gawo lililonse layambira ndi pomwe lathera. Koma akafomata n'kuthiramo Windows ina, izikalembedwa pamwamba pa mawu a malemu, ndipo chimene chalembedwa pamwamba sindingachibweze ine, ngakhale katswiri wa ku Joni." Wamva? Sidi ya Jason ndiye chihamala chija.

Tsono tamvera. Laputopuyo usaiyatsenso, ngakhale kuti ungoona. Usayese kumaliza kuika Linux, ndipo chilichonse chokulonjeza kuti chikonza chokha usachivomere. Dzanja lako lachita zokwanira. Ipite kwa wokonza amene amadziwa kupulumutsa zinthu, osati aliyense wokhala ndi sikuludiraiva pa tebulo. Pofika usaipereke kaye. Funsa kuti, "Muyamba ndi chiyani?" Akangotchula zofomata, inyamule uzipita. Woyenera akuuza kuti ayamba wachotsa hadi disiki n'kuikopera yonse monga ilili, ndi zowonongeka zomwe, pa disiki ina yosachepera kukula kwake, ndipo azigwira ntchito pa yokoperayo, ya malemu itaikidwa pambali. Zimene zapulumuka aziike kwina, asazibwezere momwe zachokera. Uonenso kuti pamalopo pali batire yoti magetsi akathima makina asazime. Wapsa kale kamodzi.

Sindikunamiza, mwana wanga. Popeza magetsi anathima zinthu zili paulendo, zina zikhoza kutuluka zopanda mayina, zina zoduka pakati, zina osatuluka n'komwe. Padzafunika munthu wokhala pansi n'kumamvetsera imodziimodzi mpaka kanyimbo ka pobafa kaja kapezeke, ngati kalipo. Usalonjeze aliyense kuti zonse zibwerera.

Koma ku Kamwala si koyambira. Koyambira ndi pamaso pa Bana Chishimba.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Walira za sukulu yako, walira za nkhope yako. Sunafunse funso limodzi. Tsiku limene akulu adzatsegule laputopu n'kuipeza yoyera ngati yangochoka m'sitolo, maso awo adzapita kwa yani? Osati kwa iwe, magazi a malemu, wosunga kiyi. Adzapita kwa mkazi wamasiye. Misonkhano imeneyi ndakhalapo yambiri, ndipo mafunso ake ndimawadziwa pamtima. Adzati wafufuta chiyani, ukubisa chiyani, mwana wathu anali ndi puloti kuti, nanga ameneyu wakuthandiza kufufuta ndani. Mayi ameneyo anamanidwa kiyi m'nyumba mwake momwe chifukwa samukhulupirira. Iwe amene anakukhulupirira ndiye watsegula, ndipo ukakhala chete iye ataya mawu a mwamuna wake n'kusenzanso mlandu wowataya. Vailasi ya Jason idzavala nkhope ya mlamu wako.

Uwauze masana, mwana atapita kosewera. Ukhale pansi, osati pa sofa. Usayambe ndi magetsi, chifukwa magetsi sanatsegule chitseko. Uyambe ndi kiyi. Unene kuti ndinatsegula, ndinatenga, ndinawononga, ndipo pali mwayi woti zipulumuke ngati sitikhudzanso. Akalira alire. Akakutukwana, zako zimenezo, landira. Akasiya kukulankhula, uzitunga madzi, uzisesa, usathawire kwa anzako.

Ukatero uwaimbire azakhali, alamu ako akumva, uwauze zomwezo ndi pakamwa pako, n'kupempha chilolezo choti laputopu ipite kwa wokonza. Inatuluka mobisa kamodzi, isatulukenso mobisa. Popita mukhale atatu, iwe, alamu ako ndi mkulu wa mpingo, kuti pasadzapezeke wonena kuti mkazi anakasintha zinthu m'tauni. Azakhali akati dikirani akulu, dikirani. Ba Kabamba akuti yozimitsa ikhoza kukhala mwezi osaonjezera kuwonongeka. Ndipo pa msonkhano uimirire asanakufunse. Akhoza kukubweza kumudzi, inde. Akhozanso kukukalipira mpaka makutu kutentha n'kukusiya. Sindikudziwa akulu akwanu. Chimene ndikudziwa n'chakuti sukulu munthu amabwerezanso, ndaona ndevu m'kalasi.

Za Linux yakoyo, uphunzirire pa makompyuta a ku koleji ngakhale ndi olimbirana, kapena upeze yakale yopanda chilichonse cha munthu. Tsiku lina ukadzafunanso kudula hadi disiki, yako kapena ya eni, uyambe wakopera zonse kwina, uonetsetse kuti zikutsegukadi, batire ikhale yamoyo, ndipo funso lililonse la pa sikirini uziliwerenga mpaka kumapeto. Nyimbo zikapulumuka zisakhalenso pamalo amodzi. Muziike pa masidi angapo, ina ipite ku Kasama. Kumenekonso kuli anthu amene ataya mwana.

Amuna anga anamwalira tilibe chojambulira mawu pakhomo. Jekete lawo ndikadali nalo. Mayendedwe awo ndimawakumbukira, ndi mmene ankapindira nyuzipepala, ndi chipsera cha pachala. Koma mawu anandithawa. Sindikudziwa kuti anachoka chaka chiti. Ndikati ndiwamve m'mutu akundiitana, amabwera ndi mawu a mwana wanga wamwamuna. Ine ndinakhala nawo mpaka imvi. Chishimba wakhala ndi bambo ake zaka zinayi zokha, ndipo akamadzafika giredi wani adzakhala atayamba kale kuiwala.

Ndiye chenjera, mdzukulu wanga. Laputopu yakuda imene ikukuchititsa manyaziyo, mawu a bambo ake mwina akadali mkati. Yowala bwino imene Jason akukulonjeza idzakhala yopanda munthu. Mwanayo akadzafunsanso kuti mutsegula liti, pasadzapezeke kuti amalume ake anatsegula kale n'kusesa.

Agogo ako a ku Chelstone