Filimu ya Pasaka Inatuluka Yopanda Kanthu

Aphungu,

Pali zinthu zitatu zoti zidziwike ndisanachite china chilichonse. Choyamba, kodi ndisiye kamera yanga yakale kapena iyayi? Chachiwiri, ndikaisiya, nditenge lenzi (diso la kamera) ya nambala 35 kapena ya 50? Chachitatu chimandichititsa manyazi, ndichinena kumapeto.

Ndili ndi zaka 44, ndimagwira ntchito yoyeza malo kuno ku Balaka. Kujambula ndi filimu ndinaphunzira ku koleji, ndipo filimuzo ndimatsuka ndekha m'bafa. Anzanga amandiseka, koma zithunzi zonse za malemu mayi anga zinali m'kompyuta, ndipo zinapita tsiku limene kompyutayo inafa. Koma negetivu, filimu yotsukatsuka ija, ndimaigwira m'manja.

Bambo anga ali kumudzi ku Ngokwe, akudwala. Mu Malichi adokotala anati tikawasamalire kunyumba. Tanthauzo lake mukulidziwa. Ndikufuna zithunzi zawo monga alili, akusoka mphasa pakhonde, akukangana ndi wailesi. Koma kamera yanga ndi yaikulu, yoonera m'lenzi momwemo, ndipo m'kati muli kagalasi kamene kamamenya mwamphamvu ndikadina. Bambo akangoiona amavala jekete n'kuuma ngati a pachiphaso. Kenako amafunsa, "Iwe, mfuti yakoyo yalira? Ndipume?" Ndili ndi zithunzi zawo 60, zonse za jekete.

A Swaibu, okonza mawotchi ndi makamera ku Liwonde, ali ndi kamera ya mtundu wina, yotchedwa renjifayinda. Ndi yaing'ono, ilibe kagalasi kaja, kulira kwake ngati kuthyola kamtengo ka machesi. Umaonera pakawindo kapambali. Pakati pake chinthu chimaoneka pawiri, ndipo ukapotoza lenzi mpaka ziwirizo zikhale chimodzi, ndiye kuti chithunzi chituluka bwino. Malenzi anga atatu salowa pamenepo. A Swaibu akuti ndiwasiyire kamera yanga ndi malenzi onse, iwo andipatse yawoyo ndi lenzi imodzi.

Ndapitako kanayi, ndipo ndadzaza masamba asanu ndi limodzi a kope pofananiza. Ya 35 imatenga munthu ndi khonde lonse. Ya 50 imatenga nkhope ndi manja. Ndimavala magalasi, choncho mizere yosonyeza malire a 35 pakawindo sindiiona bwino. Ulendo wachinayi a Swaibu anati, "Bwana, ngakhale ankhoswe safufuza chonchi."

Tsopano chachitatu. Pa Pasaka a Swaibu anandibwereka kamerayo kuti ndiyese. Bambo anaumirira kupita kutchalitchi wapansi, ndipo pobwerera ankaimba nyimbo za Chilomwe zimene anaphunzira kwa agogo awo. Kamera sanaimve n'komwe. Ndinajambula zithunzi zonse 36 za pafilimuyo. Nditatsuka, filimu inatuluka mbee, yopanda kanthu. Chivindikiro cha lenzi sindinachotse. Pa kamera yanga yakale ndikanaona mdima n'kuzindikira, koma pa iyi kawindo kamaonetsa zonse ngakhale lenzi ili yotseka. Ndinatseka m'mawa chifukwa a Swaibu anandichenjeza kuti dzuwa likalowa m'lenzi limaboola kansalu ka m'kati.

Kuchokera tsikulo bambo sanayendenso mtunda wotero. Sindinauze munthu. Bambo akandifunsa pafoni za zithunzi za Pasaka, ndimati sizinaume. Papita masabata asanu ndisanapitenso kumudziko. Dzulo mchemwali wanga Nelia, amene akuwasamalira, anati, "Achimwene, pomadzamaliza kusankhako mudzajambula mtanda."

Ndikuopa kupereka kamera imene ndimaidziwa n'kulakwitsanso ndi yachilendo. Mwayi wachitatu sudzakhalapo. Chonde ndiyankheni msanga, sabata ino ngati n'kotheka.

L.B., Balaka


A L.B.,

Pepani ndi matenda a bambo. Ndiyamba ndi chachitatu, chifukwa ndicho chakugwirani mwendo. Masamba asanu ndi limodzi aja si a malenzi. Mukubisalamo kuti musayang'anane ndi bambo anu.

Cholakwa chanu n'chakale ngati kamerayo. Ambiri ogwira renjifayinda anajambulapo chivindikiro, ine ndemwe ndinatero paukwati wa mphwanga. Chopweteka n'chakuti inu chinakugwerani pa tsiku losabwerera. Dandaulani, n'koyenera. Koma mudandaulire pafupi ndi bambowo.

Za lenzi, tengani ya 50. Mumavala magalasi, ndipo chimene mukufuna ndi nkhope ndi manja osoka mphasa. Mukafuna khonde, bwererani m'mbuyo mapazi atatu, paja kuyeza mtunda ndi ntchito yanu. Musayandikire kwambiri, chifukwa pafupi kawindo ndi lenzi siziona zofanana ndendende, mungawadule chipumi.

Musapereke zonse. Auzeni a Swaibu atenge malenzi awiri ndi kanthu kowonjezera, kamera yakale ndi lenzi imodzi zitsale kwa inu. Akakana, apempheni akubwerekeninso, ndipo muwauze chifukwa chake. Munthu amene wakupirirani maulendo anayi sangakane.

Musanachoke ku Liwonde, lunjikitsani kamerayo pansonga ya phiri lakutali, lenzi mutaipotoza mpaka mapeto. Ngati nsongayo ikuonekabe pawiri, akonze muli pomwepo. Lachinayi jambulani filimu imodzi pasiteshoni ya sitima ku Balaka, mutsuke tsiku lomwelo, muone ndi maso anu. Imodzi yokha, a L.B., osati zisanu.

Chivindikirocho chisiyeni kunyumba m'kabati. Kamera muziyenda nayo lenzi itayang'ana pamimba panu kapena pansi, dzuwa silipeza kansalu.

Loweruka mukwere galimoto ya ku Ngokwe, kamera yatsopano ilipo kapena palibe. Mukafika, musanatsegule chikwama, khalani pansi muwauze bambo zoona za Pasaka. Munthu wotcha kamera mfuti adzakusekani mpaka kutsokomola, ndipo Nelia adzakukumbutsani mpaka mudzakalambe. Zimenezo n'zopepuka kusiyana ndi kuti bambo apite akudikira zithunzi kuti ziume. Nyimbo zija apempheni aimbenso, ngakhale ali chogona. Ndipo akafuna jekete, alekeni avale. Zithunzi 60 zija musazinyoze, umo ndi mmene iwo amafunira kuti adzukulu adzawaone.

Chenjezo langa ndi ili. Kamera yosalira imanyenga, munthu umatha tsiku lonse diso lili pakawindo chifukwa palibe akukuletsa. Tengani filimu ziwiri zokha. Zikatha, ikani kamera m'chikwama, mumlandire Nelia beseni, mukawasambitse bambo anu.

Aphungu