Nkhanu ya ine ndi alamu

4 Okutobala
Madzi a m'nyanja aphwa m'mawa. Miono yadzaza bwinoko. Tagawana ndi alamu anga a Deraman monga mwa kale: nkhanu zofiira zawo, zobiriwira zanga. Tinapangana chomwecho tsitsi lidakali lakuda, mlongo wanga, mkazi wawo, ali moyo. Lero yatuluka ya chilendo. Manja ofiira ngati tsabola, chigoba chobiriwira, minga ya pamphumi yosongoka ngati ya zanga. Yaikazi, yonenepa. Iwo akuti yawo. Ine ndati yanga. Ndati amayi ake anali a mtundu wanga, koma ankazembera kutsidya kwa anyamata anu. Aseka mpaka kutsokomola. Taitsekera m'khola la pansi pa nyumba yanga yomangidwa pa mitengo mpaka mlandu uthe.

6 Okutobala
Rohaya, mwana wawo, wafika kuchokera ku mzinda wa Kuala Lumpur. Wadzawatenga. Akuti chipinda wakonza kale, chipatala chili pafupi. Alamu pa nyumba yosanja! Azikalavulira kuti?

9 Okutobala
Mtsikana wa ku yunivesite amene amayendera asodzi waiona nkhanuyo. Wazungulira nayo, wajambula. Akuti zimachitikadi mitundu iwiri ikamakhala m'matope amodzi, koma kuti atsimikize mpaka akayeze. Wadula kamwendo. Yankho lake miyezi. Miyezi! Ndikanamupsompsona pachipumi. Ndathamangira kwa Rohaya: bambo ako sangachoke mlandu uli m'khoti. Alamu kumbuyo kwake akugwedeza mutu mwaulemu ngati ali mu mzikiti. Nkhalamba yakuba.

13 Okutobala
Tsiku lililonse alamu amabwera kudzaona katundu wawo. Khofi wanga watha. Nkhanuyo ikudya nsomba kuposa ine. Ndaitcha Mai Wawiri, poti ndi ya mitundu iwiri. Yandipana chala, alamu akuti umboni ndi umenewo, yadziwa mbala.

19 Okutobala
Sindinalembe. Lachiwiri alamu anagwera m'madzi kuchokera m'bwato tikukoka mono. Chizungulire. Ndinawagwira malaya, ndipo anapepuka ngati dengu lopanda kanthu. Liti anatha chonchi osandiuza? Anati ndisanene. Rohaya anaona yekha zovala zonyowa. Sanakalipe. Anangoti, “Malume, tsiku lina dzanja lanu lidzachedwa.”

21 Okutobala
Mphepo yatembenuka, mvula yaikulu ili pafupi. Mai Wawiri ali ndi mazira, mimba yonse yachikasu. Ndawayang'ana nthawi yaitali. Bwato ndingathe kulipalasa ndekha. Chovuta ndi chakuti ndizinamiza ndani.

22 Okutobala
Ndamanga nkhanuyo manja, ndavala malaya a ku mzikiti Lachisanu, ndapita nayo kwawo. Pamaso pa Rohaya ndati alamu mwawina, ndi yofiira, ndinkangokuvutani, tengani katundu wanu muzipita. Mawu andituluka ngati a mbuzi. Iwo aitembenuza uku ndi uku, aiyang'ana minga. “Wakhungu iwe, yobiriwira iyi. Yako. Ine za eni sinditenga.” Ndati yanu. Akuti yako. Ndalumbira kuti yofiira, alumbira kuti ayi, tidikire mtsikana wa ku yunivesite. Rohaya wakhala pa chikwama chimene anali atalongedza kale, akuseka, misozi ili mbwee. Kenako wadzuka, wafunsa ngati m'bwatomo muli malo a munthu wachitatu mpaka mvula ithe. Wa m'tauni ameneyo, zikhadabo zopaka. Mawa ndimuyamba ndi kudula nyambo yowola.