Mabuku a Lyuben Akukana Kuchoka

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mabuku a malemu amuna anga apita lero. Makatoni onse, kwa Trifon wogulitsa mabuku akale kuseri kwa msika. Trifon akuti, "Mayi Rositsa, osasiyako ngakhale limodzi?" Ndisiyirenji? Lyuben ankakonda mabukuwo kuposa ine, aliyense akudziwa. Komanso chipinda cha mabukucho chikufunika, mdzukulu wanga Gergana akubwera kudzayamba ku yunivesite. Ndalama zake zongokwana magetsi.

Chichitikireni maliro, palibe amene wagogoda pakhomo pano. Ndazolowera, kapena.

Lachisanu, 10 Okutobala

Kugogoda! Bambo wadazi, woyendetsa basi, dzina lake Zahari, buku lofiira m'manja. Akuti Lyuben anamuphunzitsa masamu. Waona dzina la aphunzitsi ake m'kati mwa chikuto kwa Trifon, mtima wamuwawa, wagula, wandibweretsera. "Azakhali, ife tili moyo simungamagulitse zinthu za aphunzitsi chifukwa cha njala." Njala? Ine? Ndamuphikira khofi. Wamaliza banitsa yonse, buledi wanga wa tchizi amene ndimati ndidye mawa.

Lolemba, 13 Okutobala

Enanso ndi mabuku a Lyuben, m'mawa ndi masana. Mayi wogulitsa mankhwala walira pampando wa Lyuben, ine n'kumamutonthoza. Wamasiye ndani kodi? Wina sanaphunzitsidwe n'komwe ndi Lyuben, wangomva kwa anzake m'sitolo ya Trifon. Onse akuti anali munthu woseketsa. Lyuben? Zaka zonse zija ine sindinamvepo nthabwala yake. Kaya ankazisiya kusukulu.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mabukuwo ndawabweza kwa Trifon m'chikwama cha kumsika, msana ukuwawa. Iye kuseka mpaka kutsokomola. "Mabuku anuwa ali ndi miyendo, mayi." Akuti sangakanize munthu kugula. Madzulo buku lofiira lija labweranso, ndi munthu wina. Tsono ndi la yani? Ndagulitsa, agula, andipatsa, ndabweza, agulanso. Mutu wanga sukugwira.

Gergana wafunsa pa foni ngati bedi lalowa. Lilowa pati?

Loweruka, 18 Okutobala

Ndakalipa. M'sitolo ya Trifon momwemo, anthu ali thothotho. Ndawauza kuti sindine wopemphapempha, mabukuwo sindikuwafuna, asadzabwerenso nawo. Onse maso pansi ngati ana asukulu. Zahari anavula chipewa: "Pepani azakhali, ife timayesa tikuthandiza." Ndabwerera kunyumba. Ndapambana. Nanga bwanji chakudya sichikulowa?

Lamlungu, 2 Novembala

Gergana anafika, chipinda chake mbee. Mwana wabwino. Amachoka ndisanadzuke, akabwera ndi foni kukhutu, chitseko n'kutseka. Sindikumudandaula.

Andimvera anthu aja. Palibe wabwera, ngakhale mmodzi. Dzulo ndinathamangira kuchitseko, koma anali a nyumba yoyandikana akukhoma msomali. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru. Ndikuwasowa, basi ndalemba. Ndikusowa anthu ondithera khofi, ondiuza za mwamuna amene ndimayesa ndinkamudziwa. Kukawapepesa? Ndikayambira pati, nditakalipa chonchija?

Lachitatu, 5 Novembala

Mabuku a Lyuben onse anatha, agulidwa. M'nyumba mwatsala anga okha, awiri ophikira ndi limodzi la zoluka. Ndatha m'mawa wonse ndikuyeserera kalembedwe kake kuseri kwa kalendala. L wake wamchira uja ndi wovuta. Kenako ndalemba dzina lake m'kati mwa zikuto zonse zitatu. Kodi ndi tchimo? Sindikudziwa.

Trifon anatsegula la zoluka, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako ine. Ndinkafuna nthaka ing'ambike.

"Sindimadziwa kuti aphunzitsi ankaluka masokosi," anatero, osaseka.

Wawaika pawindo penipeni, otsegula, dzina likuonekera kumsewu.

Mawa sindichoka pakhomo.