Mayi Chenda Akukana Kudya

Ellenbrook, Perth
Ogasiti 2025

Okondedwa achimwene a Jameson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira ndipo mvula siyikukata. Koma mutu ndiye wandizungulira, n'chifukwa chake ndalembera inu osati amayi.

Paja ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Nedlands. Mwa amene timawasamalira muli mayi Chenda, a ku Cambodia. Anathawa nkhondo kwawo kalekale, ndipo pano mutu wawo sukugwiranso. Chingerezi anayiwala chonse, atsala ndi chilankhulo cha kwawo, cha Khmer. Amene amamvana nawo ndi mnzanga Lamai. Iyeyu ndi wa ku Thailand, koma mudzi wawo uli m'malire ndipo kumeneko amalankhulanso Khmer. Mayi Chenda amamuyitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anasowa pa nkhondo ija, iye amangovomera.

Mwezi wathawu mayiko awiriwa anayamba kuwomberana. Akuti akulimbirana akachisi akale a miyala amene ali m'malire. Nditafunsa Lamai anati akachisiwo ali m'dziko lawo. A Vuthy, mwana wa mayi Chenda, anati anamanga ndi makolo awo, ndipo anthu a ku Thailand anaba magule, zovala ngakhale masewera a nkhonya. Lamai akuti anaba ndi iwowo. Komatu achimwene, anthuwa moni amapatsana mofanana, pophatikiza manja. Amapembedza mofanana. Mu Epulo ndinawaona ndi maso angawa akuthirana madzi pa chaka chawo chatsopano, akuseka. Ndikaganiza za ife a ku Mchinji ndi abale athu a ku Chipata, sindikumvetsa ngakhale pang'ono.

Achibale a akazi awo a Vuthy anathawa m'mudzi chifukwa cha mabomba. Makolo a Lamai nawonso akhala akugona pasukulu, mbali inayo. A Vuthy anakauza abwana kuti sakufuna munthu wa ku Thailand akhudze amayi awo. Abwana anamusamutsira Lamai kwa okalamba ena, mayi Chenda n'kupatsa ine.

Basi anasiya kudya. Ndikafika ndi supuni amatseka pakamwa n'kumayang'ana kuchitseko. Ndinayesa kuwayimbira, ndinayesa kuwagwadira, koma ayi ndithu. Anayamba kuwonda tikuona. Lachinayi ndinalephera kupirira, ndinakamutenga Lamai kuti angoyima pakhomo n'kulankhula, asalowe. Mayi aja atangomva mawu ake anatambasula manja, iye n'kulowa. Mbale yonse ya phala la mpunga inatha.

Apo m'pamene a Vuthy anatulukira. Anakalipa mu Khmer, Lamai n'kumayankha m'chilankhulo chomwecho misozi ili chuchuchu, ine ndili chilili ndi thawulo m'manja, osatolapo kanthu. Pambuyo pake Lamai anandiuza kuti a Vuthy anamufunsa kuti kodi iye ndi wa mbali iti, ndipo anawayankha kuti afunse amayi awo.

A Vuthy anakatineneza. Lolemba tikukaonekera kwa abwana, ndipo mukudziwa kuti chiphaso changa chokhalira kuno chimadalira ntchito imeneyi. Chimene chandibalalitsa n'chakuti Lachisanu a Vuthy omwewo anabwera ndi nsomba yophikidwa m'masamba a nthochi, m'makontena awiri. Limodzi anapatsa amayi awo, amene sanaliyang'ane n'komwe. Linalo analisiya patebulo pathu osanena kuti ndi la ndani. Lamai analawa, nati ikukoma chimodzimodzi ndi imene amaphika amayi ake, kenako anatuluka panja kukalira. Koma dandaulo lija sanalichotse. Kodi munthu ameneyu akutithokoza kapena akufuna tichotsedwe ntchito?

Pempho langa ndi ili. Lamai akuti ndikanene kuti analowa yekha, ine osadziwa, poti iye ndi nzika ya kuno kale, sangamubweze kwawo. Pakamwa panga pakukana bodza limeneli, komanso ndikuopa. Kalatayi ndikutumizirani pa foni kuti ifike msanga. Chonde mundiyimbire Lamulungu mukaweruka kutchalitchi, mundiuze chimene mukanachita inu. Amayi musawauze kaye, angadwale ndi maganizo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga, azakhali ndi amalume a Melvin. Ana onse muwauze kuti ndimawakumbukira, alimbikire sukulu.

Ndilekere pano, nthawi ya sitima yakwana. Dzulo mayi Chenda sanadyenso kalikonse, ndipo lero Lamai tili naye limodzi pantchito. Sindikudziwa kuti ndikachita chiyani ikakwana nthawi ya chakudya.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Janeth