Kwa Bambo Melchior Vercammen, Wojambula Oyera pa Mkuwa

Zaka zisanu ndi ziwiri zatha, Bambo, chitisiyireni kuno ku Antwerp, koma nyumba ikununkhabe inki ndi asidi ngati mwangopita ku Misa. Chithunzi chili pamwambachi munadzijambula nokha, ndipo Amayi akuti mphunoyo munaichepetsa dala.

Timakumbukira mmene munkapakira phula pa mkuwa, n'kumajambula ndi singano lilime lili panja, kenako n'kuviika mkuwawo mu asidi kuti adye mizere, uku mukuimba nyimbo za kutchalitchi mosokoneza mawu. Oyera anu onse anali anthu a mumsewu mwathu momwemu. Petulo Woyera anali Joos wogulitsa nsomba, Maria anali Amayi akadali mtsikana. Amalume a Gillis mpaka lero amadandaula kuti bulu wa ulendo wa ku Iguputo munamupatsa maso awo, koma chithunzicho anachipachika kuchipinda kwawo.

Nanga chaka chija munaiwala kuti chithunzi chimatembenuka chikasindikizidwa papepala, Ambuye Yesu n'kutuluka akudalitsa ndi dzanja lamanzere? Wansembe anapsa mtima, anati parishi sidzalandiranso ntchito yathu. Munavula chipewa, munapepesa, munajambula china. Koma pobwerera munaseka njira yonse, mukuti amanzere nawonso amafuna madalitso.

Mkuwa wanu womaliza, wa Mwana Wolowerera, munausiya bambo wa mwanayo alibe manja. Mwana wanu Lijsbeth ankaopa kuukhudza, poti munkatiuza kuti mzere umene asidi wadya subwerera. Anthu ena ankati mkazi sangaithe ntchito imeneyi, tingotseka. Chaka chino Lijsbeth analimba mtima, anatenga singano yanu ija n'kumaliza. Pepala litatuluka m'makina, tonse tinawazindikira: manja akukumbatira mwanayo ndi anu, ndi chala chokhota chija chomwe. Amayi anayang'anitsitsa, anapukuta misozi ndi chilundu cha kukhitchini, n'kunena kuti m'zikhadabomo mwada ngati kale, munthuyu sanasambepo m'manja n'kuyera. Masisitere a kuchipatala atenga zithunzi zoti apachike pamabedi a odwala, ndipo akufuna zina.

Akukusowani akazi anu Tanneken, ana anu Lijsbeth ndi Cornelis, ndi zidzukulu zimene zimakudziwani papepala pokha.

Usani mumtendere, Bambo. Malinga tili moyo, dzina lanu silidzazilala m'nyumba muno.