Amene Anatseka Paipi ya Mbaula

Kremna, 9 Disembala

Wokondedwa mwana wanga Jagoda,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Vienna, iwe, amuna ako ndi adzukulu anga. Kuno tilipo. Bambo ako anatuluka m'chipatala Lachiwiri, mutu wasiya kuwawa, ndipo ayamba kale kunyoza supu wanga kuti alibe mchere. Ndiye kuti achira.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umayankhula wekha osapuma. Unatengera ine. Uwerenge mpaka kumapeto usanayimbe.

Mbaula ya timibulu ta utuchi imene unatitumizira ija ili ndi mapaipi awiri. Yaikulu imatulutsa utsi, yaing'ono imadutsa pakhoma kukatenga mpweya panja. Mlongo wako Borko poiika anandiuza kawiri konse kuti yaing'onoyo ndi mphuno ya mbaula, ndisaikhudze. Ndinangogwedeza mutu.

Koma iwe ukundidziwa ine ndi mphepo yolowera m'nyumba. Agogo ako inawaumitsa khosi mpaka kumanda, kaya madokotala anu aseka. Bowo pakhoma m'nyengo yachisanu, ine n'kugona tulo? Chisanu chitangoyamba ndinatenga sokosi yakale yaubweya ya bambo ako, n'kuzungulira kuseri, n'kuikankhira m'paipimo ndi mpini wa tsache.

Moto unayamba ulesi, wofiirira, wosaima. Galasi la pachitseko chake linkada ndi mwaye tsiku limodzi lokha. Timibulu tinkaunjikana tosapsa, mbaula n'kulira, n'kuzima, bambo ako n'kuiyatsanso akuitukwana.

Borko anabwera katatu. Anachotsa phulusa, anakwera padenga poterera kukapala chumuni, anasintha chingwe cha m'mbali mwa chitseko cha mbaula. Kenako anati mwina timibulu tanyowa, n'kusenza matumba onse kuchokera m'shedi. Ine ndinkangomuphikira khofi. Poyamba sindinkadziwadi kuti vuto ndi sokosi ija. Ulendo wachitatu ndinali nditadziwa, koma manyazi anandigwira pakamwa. Ndinati ndichotsa mawa, ndekha.

Mawa lakelo ndi Lamlungu lija. Nditadya chamasana ndinapita kukacheza kwa a Stamena oyandikana nafe. Pobwera ndinapeza utsi uli tolo, bambo ako ali pansi akusanza, miyendo yakana. Borko ndiye anawanyamula kupita nawo kuchipatala.

Zimene unamuuza pa foni tsiku lotsatira ndinazimva, ndinali pambali pake. Unati iye ndi wokonza mathirakitala, mbaula aidziwira kuti. Unati akanapha bambo chifukwa cha mphwayi, ndipo sudzakhalanso naye patebulo limodzi. Iye anangoti wamva. Ine ndinakhala duu, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa sokosi ija.

Dzana ndinapita kuseri kuti ndikaichotse. Ndinapisa dzanja, mulibe. Ndinamupeza Borko akukonza mpanda, n'kumufunsa. Anati anaichotsa Lamlungu lomwelo atachokera kuchipatala, ndipo anaizindikira msanga chifukwa palibe wina m'mudzi muno amene amaluka chidendene chokhota ngati ine.

Ndinamufunsa chifukwa chake anakulola kumunyoza choncho akudziwa. Anayamba waseka, kenako anati iwe ukakwiyira iye ndi za pachibale, zidzatha kaya patapita zaka. Koma ukadziwa kuti ndi ine, unena kuti takalamba, sitingathenso kukhala tokha, ndipo utinyamula kukatiika m'chipinda cham'mwamba ku Vienna, monga wakhala ukunenera kuyambira chaka chatha. Anati bambo ako kumeneko sangathe miyezi itatu. Anandipempha kuti ndisakuuze.

Ndiye ndakuuza. Ndili ndi mantha, Jagoda, sindikubisa. Nyumba ino ndinalowamo ndili ndi zaka makumi awiri, ndipo sindikufuna kufera kwina. Koma sindingakhalemo mwana wanga akusenza mlandu wanga, ana anga awiri osayankhulana. Ngati uona kuti sitingakhalenso tokha, bwera udzandiuze pamaso, ndidzakumvera. Ndidzakangana nawe kaye, koma ndidzamvera.

Mbaula ikuyaka bwino tsopano, moto wowala, utsi ukutuluka kumene uyenera. Borko waika waya kukamwa kwa paipi, ati kuteteza mbalame. Tonse awiri tikudziwa mbalame yake. Bambo ako sanadziwebe, ndiwauza ndikangoponya kalatayi.

Phwando la Nikola Woyera, woyera wa banja lathu, latsala masiku khumi. Mubwere nonse. Koma ukamaliza kuwerenga usayimbire ine. Uyimbire Borko. Mawu onse amene unamuuza aja usawataye, udzabwere nawo kuno, chifukwa ndi oyenera ine.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa ana, uwaveke zipewa. Mulungu akusungeni.

Ndine mayi ako,
Radojka